Matalala pa Ukwati wa Sikina

Mwanaidi ankagwira ntchito yolosera zanyengo ku Chileka. Loweruka limene mwana wa achimwene ake, Sikina, ankakwatiwa ku Lirangwe, iye anali pantchito mpaka masana. Kunali kutentha kwa mu Novembala, kopanda ndi kamphepo komwe.

Cha m'ma 11 koloko anaona pa zithunzi za setilaiti mtambo ukukula kumadzulo, ukutalika msanga kuposa ina yonse. Mphepo yapansi inkalowera kwina, yam'mwamba kwinanso. Ankadziwa kuti mtambo wotere umayamba kuzungulira, ndipo umagwetsa matalala akuluakulu. Njira yake inkaloza ku Lirangwe.

Atatumiza chenjezo, anaimbira achimwene akewo, a Yasin.

"Achimwene, gwetsani matentiwo. Anthu alowe m'nyumba isanakwane 3 koloko."

"Wayambanso eti? Mwezi watha unati kukubwera mkuntho, ine n'kutseka shopu tsiku la msika. Kunagwa chiyani? Fumbi!"

"Unadutsa ku Madziabango. Unasasula nyumba kumeneko."

"Tanena chilungamo iwe. Ukwatiwu sunaufune chiyambire. Unkafuna Sikina apite kukoleji, adzakhale ngati iwe, woyang'ana mitambo wopanda banja."

"Ndinakanadi. Koma zimene ndikunenazi ndi zina."

A Yasin anadula foni.

Mwanaidi anaimbira mlamu wake Ummi, mkazi wa a Yasin. Ummi ananong'ona kuti ana ndi okalamba awalowetsa m'nyumba, koma matenti sangawakhudze.

Ataweruka, Mwanaidi anakwera minibasi. Atangopitirira Lunzu kumwamba kunada bii, ndipo dalaivala anaima pambali. Matalala ankamenya denga la minibasi ngati anthu akugenda. Mayi wina anayamba kupemphera mokweza.

Mwanaidi anafika ku Lirangwe mvula itakata. Tenti imodzi inali itakulungika pamtengo wa mango, ina sinkaoneka n'komwe. Mipando inali mbwee, mpunga uli m'matope. Palibe anamwalira, koma anthu anayi anali atatengeredwa kuchipatala. A Yasin anali chiimire pabwalo, magazi akutsika pachipumi, mkanjo wawo woyera utada.

"Wabwera kudzaonerera?" anakuwa. "Wakondwa tsopano? Pakamwa pakopo ndi pamene paitana zimenezi!"

Anthu anatembenuka. Azakhali ena analavula pansi.

"Ndinakuuzani kuti mupulumutse anthu," anatero Mwanaidi. "Amene ali kuchipatalawo ndi inu mwawatumizako."

A Yasin ananyamula mpando, amuna awiri n'kuwagwira. Ummi anakokera Mwanaidi kuseri kwa nyumba.

"Pita, mlamu. Lero sangakumve."

"Nanga Sikina?"

"Ali mkati, akulira. Bambo ake alamula kuti usalowe."

Mwanaidi anasiya mphatso yake, mbale zokulunga m'pepala, m'manja mwa Ummi, ndipo anabwerera kumsewu. Panapita miyezi isanu ndi iwiri a Yasin osamulankhula.