Mpiringidzo wa khola la a Narciso

Flávia atabwerako kumaphunziro ku Tete, anapeza amalume ake, a Narciso, ataberedwa ng'ombe ziwiri. Anawapangira belu loti lizilira munthu akachotsa mpiringidzo wa pakhola. Anaboola mtengo wa mpiringidzowo n'kulowetsamo maginito, ndipo pamzati panafunika kachipangizo komva maginitowo. Anali nato tiwiri: kamakono kotchedwa Hall, ndi kachikale kagalasi kokhala ndi timalilime tiwiri tachitsulo mkati.

Anasankha kamakono. Tsiku lomwelo belu linalira khola lili chitsekere.

"Iwe Flávia, chinthu chakochi chikuopa mphepo?" anatero a Narciso. "Chikanamanso, ndikachitaya kudambo."

Flávia anadziwa kuti belu likachoka, akuba abwereranso. Mawa lake anaima pambali n'kumaonerera amalume ake akutseka. Ankangolowetsa mtengowo mmene wagwera m'manja, osayang'ana mbali yomwe yaloza kumzati. Apo anazindikira: ka Hall kake kankamva mbali imodzi yokha ya maginito, pomwe kagalasi sikasankha mbali. Mtengo ukalowa motembenuka, ka Hall kankayesa kuti mpiringidzo wachotsedwa.

Anaganiza zowaphunzitsa katsekedwe, koma anakumbukira kuti anayamba kutseka choncho iye asanabadwe. Anamasula ka Hall n'kumangirirapo kagalasi.

"Ndiye wasintha chiyani?" anafunsa a Narciso.

"Ndachotsa kophunzira kwambiri kaja, amalume."