Kuseri kwa Thabwa Kuli Phazi la Alamu

Akanangonena m'mawa muja, akumanga ng'oma zake, bwenzi pano mtima uli m'malo, koma unganene bwanji kwa anthu amene wayenda nawo zaka makumi awiri kuti khutu lakumanzere linafa kalekale, lakumanja nalo likungolira ngati nyenje? Woyimba ng'oma wosamva, ha, si nkhani yoti anthu n'kuseka mpaka kugwa pamipando imeneyo?

Pa nyimbo zaphokoso za roko zinalibe kanthu. Phokoso lija limadzera m'chifuwa, mumpando, m'mano, iwe kwako n'kumenya basi. Koma chimbale ichi, nzeru za wagitala, amene imvi zayamba kumupatsa maganizo, chinalibe mawu a munthu ngakhale amodzi: jazi wosakaniza ndi nyimbo za maiko akutali, chitoliro cha nsungwi, kalimba, zonse zonong'ona, iye n'kupatsidwa timaburashi ta waya kuti azisesa pang'oma ngati woopa kudzutsa khanda. Miyezi itatu yoyeserera anapulumukira phazi la alamu ake, oyimba gitala wa besi. Chidendene chawo chikagunda pansi ankadziwa pamene nyimbo ili, chikaima ankadziwa kuti yatha, ndipo palibe anamugwira.

Lero mu situdiyo, atangodya chamasana, wojambula mawu anati ng'oma zikulowerera m'maikolofoni ya chitoliro. Anamusamutsira m'kachipinda kagalasi, n'kuimika thabwa lomata siponji patsogolo pa alamu. Anatsala akuona mapewa okha.

Zinangochitika zimenezi? Kapena anapangana — wagitala dzulo anamuitana kawiri ali kumbuyo, kachitatu n'kuchita kumugwira paphewa, osaseka n'komwe — kapena mkazi wake, amene amadziwa chifukwa chake wailesi ya kunyumba imasokosa mpaka kwa aneba, anakatula nkhawa kwa achimwene ake, alamu omwewa. Ayi, sangatero, analumbira, koma magazi ndi magazi, ndipo iyeyo, chitsiru, bwanji sanapite kuchipatala chaka chija nyenje itangoyamba? Anali ndi mantha, mantha enieni, oti akachoka pampando uwu alibenso kwina kokhala munthu.

Milomo ya wojambula inagwedera kuseri kwa galasi. Anaiwerenga.

"Mukumva bwino, akulu?"

"Bwinobwino."

Nyali yofiira yosonyeza kuti kujambula kwayamba inayaka. M'mahedifoni munkamveka kenakake kakutali, ngati anthu akuyankhula m'nyumba yoyandikana, ndiye anatsinzina kuti mapewa aja asamusokoneze, n'kuyamba kuwerenga mumtima. Nyimboyo ankaidziwa, inde ankaidziwa: besi kasanu ndi katatu, chitoliro n'kulowa, kalimba n'kuyankha, kenako gitala, amene amatalikitsa mmene wafunira tsikulo, ndipo apo m'pamene panali dzenje. Anasesabe. Manja anamasuka, thukuta linatsikira m'khosi, ndipo kwa kanthawi anakhulupirira kuti akumva, kuti chitoliro chija chikudutsa pamwamba pake penipeni, kuti sanayimbepo bwino chonchi chibadwire, mwina khutu limabwerera, zimachitika, anthu amachira.

Anatsegula maso kuti aone ngati gitala wayandikira kumapeto.

Gitala anali atagonekedwa pamiyendo. Mayi wa chitoliro anali atachipukuta kale, nsalu ili m'manja. Onse ankamuyang'ana, kupatula alamu, amene anazyolika kuseri kwa thabwa, ndipo nyali yofiira inali chiyakire, ikujambula iye yekha, manja ake akusesabe.