Kuperekeza Nyimbo ya a Dokotala

Nyimboyo inamulowa Lemani mwakachetechete, ngati fumbi la ku Doha limene limapezeka patebulo ngakhale mawindo ali otseka. Anaizindikira tsiku lina pa swala ya Asiri, pemphero la kumasana, chipumi chili pamkeka. M'malo mwa mawu oyenera, m'mutu mwake munalira magitala awiri ndi amuna oimba motsekemera ngati anyambita uchi. Anapempha chikhululuko kwa Mulungu, nayambiranso. Magitala nawo anayambiranso.

Lemani anali dalaivala wa a Dokotala Whitlock, mzungu wozula mano wokhala ku Nuaija, munthu wabwino amene ankagulira antchito ake zipatso za tende akangomva kuti Ramadani yayandikira. Nthenda yawo inali imodzi: bandi yotchedwa The Paper Ferries. Inali ya anyamata anayi a kwawo, amene anajambula zimbale ziwiri Lemani asanabadwe. Ogula anali ochepa kwambiri moti, malinga ndi a Dokotala, akanakwana m'basi imodzi, mipando ina n'kutsala. Kampani inagwa, makatoni a zimbale anadyedwa ndi chinyezi, wang'oma anakayamba kugulitsa matayala. Koma aliyense wa m'basi muja, ankatero a Dokotala chala chili m'mwamba, anakayambitsa bandi yakeyake, ndipo mabandi amenewo ndiwo anatchuka.

Mbiriyi Lemani ankaimva m'mawa uliwonse panjira ya ku kiliniki, akuvomera mwaulemu. Nyimbo yomaliza, yapamtima pa a Dokotala, inkayamba akamayandikira geti. Ikafika pokoma, mawu akukwera ngati munthu wonyamula katundu pamasitepe, inkaduka. A Dokotala ankatola foni n'kutsika. Chidutswa chimenecho ndicho chinkamutsata Lemani mpaka pamkeka, ndipo Ramadani inali pafupi. Sankafuna kukumana ndi mwezi wopatulika ali ndi azungu anayi m'mutu.

Anayesa kuwerenga mokweza. Anayesa kumvera makaswida, nyimbo zotamanda Mulungu, pafoni. Pomaliza anakaulula kwa a Sakina, ophika a m'nyumbamo, mayi wa ku Machinga amene ankamusiyira tiyi pawindo la kukhitchini tsiku lililonse. A Sakina anamvetsera akutsuka mpunga.

"Achimwene, mlendo mukamutsekera chitseko ali pakati pa nkhani, amapita? Amangozungulira nyumba. Mlendo amaperekezedwa mpaka pamphambano. Auzeni abwana anu asazimitse, muimve mpaka kumapeto, halasi, nkhani yatha."

Kwa Lemani, kupempha kanthu kwa bwana kunali kovuta kuposa kuimika galimoto lalikulu la a Dokotala pampata wochepa. Komabe m'mawa wina atafika pageti, anafunsa ngati angakhaleko pang'ono kuti amve mathero a nyimboyo.

A Dokotala anavula magalasi. Maso awo ananyowa. Zaka zonse zimene anakhala ku Qatar, anatero, palibe ndi mmodzi yemwe anawapemphapo zimenezi, ngakhale mkazi wawo. Anaibwezera poyambira, nakweza mawu. Magitala analira, mawu anakwera masitepe aja, n'kuduka pamalo pomwe paja. Kenaka, chapansipansi, panamveka phokoso ngati la mpando ukugwa.

"Yathera pomwepo, Lemani," anatero a Dokotala monyadira.

Anafotokoza kuti woimba ndi wagitala anali pachibale, ndipo anakangana mu situdiyo za mmene nyimboyo ithere. Wina anaponya mpando. Kuyambira tsikulo sanapatsanenso moni, ndipo kampani inangoitulutsa choncho. Nanga anthu a m'basi aja, anafunsa a Dokotala, Lemani ankaganiza kuti anayambitsiranji mabandi, ngati si kufuna kuimaliza nyimboyo? Madzulo ake anamupatsa sikipa ya bandiyo, yothina m'mimba.

A Sakina ataona sikipayo anaseka mpaka kutsamira sinki. Atapuma anati, "Ndiye kuti mlendo wanuyo alibe kwawo. Mupezereni."

Lachisanu atatuluka mu mzikiti, Lemani anapita ku Corniche. Anayenda m'mbali mwa madzi, kutali ndi magulu a anthu ojambulana, akung'ung'udza nyimboyo kuyambira poyamba. Wosesa wina wa ku Nepal anaimitsa tsache kuti adutse, osamuyang'ana kumaso, ndipo Lemani anayamikira zonse ziwiri. Atafika poduka paja anaima. Mawu anali atakwera, ndipo chokwera chimafuna kutsika. Anawatsitsa pang'onopang'ono mmene amalume ake ankatsitsira nyimbo ya sikiri anthu akatopa, mpaka anawakhazika pansi. Anabwerezanso kuti aone ngati akhala. Anakhala.

"Muyende bwino," ananong'ona. Kenaka anawachitira duwa abale awiri aja, kuwapempherera kuti ngati akadali moyo apatsane moni asanaitanidwe.

Pa swala ya Magharibi, dzuwa litalowa, chipumi chili pamkeka, anadikira mwamantha. Anangomva makina oziziritsa mpweya ndi mawu ake omwe.

Tsiku la ntchito litafika, nyimbo inadukanso pageti la kiliniki, mpando unagwa, ndipo pakamwa pa Lemani, posadziwa mwini wake, panapitiriza mpaka pansi. A Dokotala anauma, mwendo umodzi uli kunja kwa galimoto. Anamupempha kuti abwereze. Lemani anabwereza, akuyang'ana chiwongolero.

Ramadani inalowa bwino. Tende anafika monga mwa nthawi zonse, koma pamodzi nawo panabweranso bokosi lalitali, ndipo a Sakina ananena kuti munali gitala. Masana ena a Dokotala anadandaula kuti kanyimbo ka Lemani kakuwalira m'mutu ngakhale pozula dzino, moti wodwala wina anawapempha kuti asiye kung'ung'udza. Kenaka anafunsa, mwamanyazi, ngati Lemani amatha kuimba ng'oma.

Lemani anayankha kuti ayi, ndipo kuti ali pa swaumu, akusala kudya. Koma pofika pageti anaona mmene a Dokotala ankagwirira foni osaiyatsa, kuopa kumusokoneza m'mwezi wake, ndipo anawonjezera kuti Eid ikadutsa, Insha Allah, angathe kumawaombera m'manja.