Kabokosi Kakuda ka Jerome

Mwamuna wanga Jerome anajambula anthu pa Chiweta zaka khumi ndi zinayi, koma mwini wake kamera ankaithawa ngati njoka. Akwati, makwaya, asodzi a ku Mlowe atavala masuti obwereka, onsewo anali mu kompyuta yaikulu ya kuchipinda chakumbuyo kwa situdiyo yathu, imene iye ankaitchula kuti seva. Nkhope yake munalibe. Chake chinali mawu okha, omveka kuseri kwa kamera m'mavidiyo a maukwati akuuza anthu kuti asendere. Atamwalira mu Juni, mawu amenewo ndiwo anali chuma changa.

Pambali pa seva panali kabokosi kakuda ka timagetsi tobiriwira. Chingwe cha intaneti chinkayamba chalowa m'menemo chisanafike mu seva. Jerome ankati dzina lake ndi fayawo, koma kwa ine ankangoti, "Ameneyu ndi mlonda wa pageti, Flossie. Wam'kati ndi antivayirasi, amasecha chilichonse cholowa. Usadzawachotse ntchito." Ine ndinkamuseka kuti alonda akewo sapempha ngakhale tiyi.

Patatha mwezi, abale ake anatsika kuchokera ku Khondowe kudzagawa katundu wa malemu. Situdiyo anandisiyira, ndisawanamizire. Koma mwambo wake ndi wakuti aliyense atengeko kanthu komukumbukira nako. Ankagawa ndi adada Amock, akulu awo a apongozi anga. Jekete kwa uyu, nsapato kwa uyo. Foni inapita kwa mng'ono wake wa Jerome, Brightson. Mlongo wawo Isabella anafika mochedwa, n'kungopatsidwa kachitsulo kaphwatalala kamene anakapeza mu dirowa. Pomaliza adada Amock analoza kabokosi kaja.

"Kawayilesi aka ndikatenge ndine," anatero. "Ndizimuona mwana wanga."

Ndinkadziwa ntchito yake. Apa ndiye pamene pamandiwawa mpaka lero. Ndinkadziwa, koma ndinali mkamwana, wa ku Ntcheu, nditakhala pamphasa mutu uli pansi. Mkazi wolimbirana katundu ndi apongozi manda asanaume amapatsidwa dzina, ndipo dzinalo silichoka. Ndinangoti, "Yewo, adada." Brightson anazula chingwe, n'kuchilowetsa mu seva molunjika, intaneti n'kuyaka bwinobwino.

"Mwaona, mulamu? Palibe chasintha," anatero.

Kwa miyezi itatu palibedi chinasintha. Ndinajambula maukwati awiri ndi kwaya imodzi, ndikudzitama kuti ntchito ndaigwira. Sindinadziwe kuti nthawi ya antivayirasi inali itatha, ndipo mauthenga ochenjeza ankapita pa foni ya Jerome, kumene Brightson ankawafufuta poyesa ndi otsatsa malonda.

Lolemba lina mu Okutobala kunabwera mayi Kezia a ku Mlowe, maso ali psuu. Bambo awo anali atamwalira dzulo lake, ndiye ankafuna chithunzi chimene Jerome anawajambula, choti chiikidwe pa pulogalamu ya maliro. Ndinatsegula seva. Zithunzi zonse zinali zitasanduka timapepala toyera ta mayina osawerengeka, ndipo pakati panali uthenga wa Chingerezi wakuti zonse zatsekedwa, ndikafuna kiyi nditumize ndalama. Ndinathamangira ku mavidiyo a maukwati. Palibe ndi imodzi yomwe inatseguka.

Mayi Kezia, oferedwa, ndiwo anandigwira phewa. "Pepani chomene, mama," anatero, n'kupita chimanjamanja.

Ndinaitana Muriel, katswiri wokonza makompyuta wa ku Rumphi boma. Anafufuza kuyambira m'mawa mpaka masana, kenako anandiuza mosapita m'mbali.

"Geti linali pululu, mama, ndipo wam'kati anasiya ntchito kalekale. Akuba amenewa musawatumizire kanthu, kawirikawiri kiyiyo sabwera. Izi sindingazitsegule. Koma a Jerome ndinkawadziwa, sanali munthu woika zonse pamalo amodzi. Kodi analibe hadi disiki yokoperamo? Kanthu kaphwatalala, kokwana m'dzanja."

Mawa lake ndinakwera mtunda wa ku Khondowe pa galimoto ya matola, msewu wokhotakhota uja. Isabella anatsegula sutikesi. Kachitsulo kaja kanali pansi penipeni, kokulungidwa m'chitenje pamodzi ndi buku la nyimbo.

"Ndinkayesa n'chotchajira foni," anatero. "Koma sindinakalumikize paliponse. N'ka adumbu anga a Jerome, sindikanatha."

Tinapitanso kwa adada Amock. Kabokosi kakuda kanali pamwamba pa kabati, pa kansalu kolukidwa, atakalumikiza ku magetsi kuti timagetsi take tiziyaka. Ndinagwada, n'kuwafotokozera zonse. Ndinabwera ndi mkwiyo, koma nditaona kansalu kaja unandithera. Anakazula okha, n'kukapukuta fumbi ndi mpango wawo.

"Mukananena, mwana wanga," anatero.

"Ndikananena, adada."

Muriel anatenga masiku awiri. Anafufuta zonse za mu seva, n'kuikamo antivayirasi watsopano, mauthenga ake n'kuwalozetsa pa foni yanga. Kabokosi kakuda anakabwezera pamalo pake, pakati pa chingwe ndi seva. Atatha zonsezi ndi pamene analumikiza hadi disiki ija. Jerome anali atakopera komaliza mu Malichi, asanayambe kudwala. Za kuyambira Epulo zonse zinapita, pamodzi ndi maukwati awiri amene ndinajambula ndekha, ndipo eni ake ndinakawapepesa ndi pakamwa panga. Chithunzi cha bambo awo a mayi Kezia chinapezeka, maliro atapita kale. Ndinachitsukabe n'kukachipereka ku Mlowe.

Mavidiyo ndinachita nawo mantha sabata yathunthu. Loweruka masana, kasitomala womaliza atatuluka, ndinakoka mpando n'kutsegula imodzi, ya ukwati wa zaka zisanu zapitazo. Akwati anali ataima pakhomo pa tchalitchi, anthu akukankhana. Mthunzi wa munthu unagwera pa diresi la mkwatibwi. Kenako kuseri kwa kamera kunamveka mawu, osaleza mtima ngati masiku onse.

"Flossie, tachoka apo. Ukutchinga kuwala."

Ndinasendeza mpando.