Aphunzitsi Alawa Nyanja

Kwa zaka makumi atatu Aphunzitsi anakhala akukwapula ana a eni ake chifukwa choiwala kuti madzi a m'nyanja yaikulu ndi amchere. Koma iwowo nyanjayo anali asanaionepo, kupatula pa mapu ong'ambika a m'kalasi mwawo. Zimenezi zinkawadya mumtima: nanga bwanji ngati buku limene ankaphunzitsira linkanama? Ndiye atapuma pa ntchito, mwana wawo wamkazi ndi mwamuna wake anawatenga kukaona mzinda, kuti masana akafike kukatauni ka m'mbali mwa nyanjayo.

Vuto linali pakamwa pa Aphunzitsi. Kunyumba yosungirako zinthu zakale anamulanda ntchito woperekeza alendo. Pa chiboliboli cha munthu wokwera hatchi anaima ola lathunthu, akufotokoza mbiri ya munthu amene ngakhale dzina sankamudziwa, uku nkhunda zikumunyera pamutu mwini mbiriyo.

"Bambo, nthawi ikutha," anadandaula mwana wawo.

"Nyanja sithawa," anayankha Aphunzitsi.

Inathawa. Atafika cha m'ma 3 koloko anapeza matope okhaokha, maboti atagona cham'mbali ngati ng'ombe zodwala. Madzi ankangoonekera kutali, kamzere kotuwa.

"Aphwera amenewo, abwerera cha m'ma 6," anatero mayi wogulitsa zipewa. Basi yomaliza inali ya 4 koloko.

Mkamwini anatsokomola pobisa chiseko. "Paja za kuphwera kwa madzizi munkaphunzitsanso, eti bambo?"

Ankaphunzitsa ndithu, ndi chikwapu chomwe. Manyazi anawagwira, koma manyazi sapha munthu. Anavula nsapato n'kumupatsira mkamwini wamwanoyo, anapinda buluku la suti mpaka m'maondo, n'kulowa m'matope tayi ili m'khosi. Anaterereka kawiri, kachitatu anakhaliratu pansi, alendo ena n'kumawajambula pa foni. Nyanja yeniyeniyo sanaifike. Anaima pa kachithaphwi kamene madzi anasiya pothawa, momwe munali kankhanu kamodzi, anaviika chala n'kulawa.

Anabwerera ali matope mpaka m'makutu, misozi ikulengeza m'maso. Mwana wawo anawathamangira ndi mantha.

"Bwanji bambo, mwavulala?"

"Ndi amchere, mwanangu," anatero Aphunzitsi. "Ana aja sindinawanamize."

Mkamwini, chiseko chitamuthera, anagwada pansi n'kuwaveka nsapato.