Mpando Umene Unaleka Kutembenuka

Aphunzitsi opuma pantchito anagula galimoto yawo chifukwa cha mpando umodzi wokha. Munthu akadina batani, mpando wakutsogolo unkatembenukira kuchitseko n'kutsika pang'onopang'ono. Akazi awo, amene mwendo ndi dzanja la kumanzere zinafooka atadwala sitiroko, ankakhalapo popanda wowanyamula. Mayiwo anali atanenetsa kuti tsiku limene adzanyamulidwe ngati thumba anthu akuona, kuchipatala sadzapitakonso. Komatu dokotala anali atachenjeza kuti akamajomba kolimbitsa mwendo Lachiwiri lililonse, sadzayendanso.

Lachiwiri lina m'mawa, Aphunzitsi anadina batani kasanu, mpando osasuntha. Makaniko wa kuseri kwa msewu atabwera, analumikiza kompyuta yake, napukusa mutu. Anafotokoza kuti panalibe waya woduka. Opanga galimoto anali atauzimitsa mpandowo ali kutali, ponena kuti galimoto za mtundu wakalewu anasiya kuzisamalira. Anafunsa ngati pagalasi loonetsa mauthenga, pafupi ndi chiwongolero, panatuluka uthenga masiku apitawo.

Unatulukadi. Unali wautali, wa zilembo zing'onozing'ono, ndipo Aphunzitsi, pothamangira kukagula mankhwala, anangodina povomera, osadziwa kuti akuloleza opangawo kuzimitsa mpandowo.

"Inuyo, Aphunzitsi?" anatero makanikoyo, amene kale anali mwana wa m'kalasi mwawo. "Si inu munandigwaditsa kutsogolo chifukwa choyankha funso ndisanaliwerenge mpaka kumapeto?"

Iwo sanaseke. Munthu amene katundu wake amamvera lamulo la mlendo wosaoneka asafulumire kudzitcha mwini. Ndi wosunga chabe, ndipo amazindikira zimenezi pa tsiku loipitsitsa.

Nthawi inali kutha. Mayi anali pakhonde pa njinga yawo ya olumala, ndipo aneba awiri anali ataima kale pampanda. Makaniko anadzipereka kuti anyamule Mayiwo, koma iwo anamuletsa ndi dzanja lamphamvu lija, nalamula kuti awabwezere m'nyumba.

Aphunzitsi anasendeza galimoto mpaka chitseko chinayandikira sitepe ya khonde. Anatenga nsalu ya patebulo, nauza makaniko kuti aitambasule chakumpanda, nkhope italoza kwina. Kenaka anavula jekete, nagwada pamaso pa akazi awo.

"Amayi, za galimotozi ndinavomera ndisanawerenge," anatero motsitsa mawu. "Koma zimene ndinavomera pa tsiku la ukwati wathu ndinaziwerenga zonse."

Mayi anayang'ana nsaluyo nthawi yaitali, kenaka anayang'ana imvi za amuna awo.

"Msana umenewo mukauthyola, otinyamula adzachokera kuti?" anafunsa, uku akukoleka dzanja m'khosi mwawo.