Timavu ta Mayi a Chisankho

Anthu ena amaweta nkhuku. Akazi anga, a Rozina, ankaweta timavu tochepa ngati nsonga ya singano. Musaseke. Timavuto timaikira m'kati mwa mazira a ntchemberezandonda, mbozi zija zimamaliza chimanga, ndiye mbozizo sizibadwa. Utsikana wawo wonse unathera pa ntchito imeneyo. Kenako anawakweza kukhala mkulu wa bungwe lonse la kafukufuku, moyo n'kusanduka misonkhano yokhayokha.

Loweruka lina tili paukwati ku Kawale, perekaniperekani ali mkati, foni yawo inalira. Anali a Bwanali, mlonda wa kuntchito kwawo. Akuti wachiwiri wa akazi anga, a Gwanda, aitana opopera mankhwala kuti aphe mphemvu, poti Lolemba kukubwera alendo akunja. Apopere nyumba yonse, ndi chipinda cha timavu chomwe!

"Bambo a Chisankho, galimoto!" anakuwa akazi anga.

Nkhuku ndinaisiya pambale, ine amene sindisiya nkhuku.

Titafika, fungo linatichingamira pageti. Mayiwo anavula duku, kudzimanga kumphuno, n'kulowa ndi nsapato za gogoda zomwezo. Ankatuluka ndi bokosi la neti, kuliyang'ana padzuwa, kuliika pansi, kubwereranso. Lililonse pansi pake panali kafumbi kakuda. Timavu takufa. Lomaliza, limene linali pafupi ndi zenera lotsegula, analiyang'ana nthawi yaitali.

"Muno tikuyenda," anatero. "Tochepa, koma tikuyenda."

A Gwanda ataimbiridwa foni, mawu awo ankamveka mpaka pamene ndinaima. "Pepani mayi, koma si tizilombo chabe? Tigula tina."

"Mukagula kuti, ku msika wa Tsoka?" Foni thi.

Bokosilo linabwera kwathu ku Area 25, kuchipinda kwenikweniko. Lamulo linagwa tsiku lomwelo: m'nyumba muno mankhwala a udzudzu ayi, koilo ayi. Abale anga, udzudzu unandidya ngati ndine ndiwo. Timavuto ankatipatsa uchi pakapepala, ine tiyi wa shuga wamba.

Vuto linali lakuti timavu timeneti sitikhalitsa. Tikafa tisanaikire, basi, mtundu watha. Ndiye m'mawa uliwonse asanapite ku ofesi, akazi anga, dokotala wathunthu, ankalowa m'timinda ta chimanga ta m'mphepete mwa msewu, akutembenuza tsamba ndi tsamba kufuna mazira a mbozi. Amayi ena anawakuwiza kuti akuba mondokwa. Iwo anapepesa, n'kupempha tsamba limodzi lokha.

Mazira anaikidwa m'bokosi. Akada, ndiye kuti timavu taikiramo. Koma anangokhala otuwa, timavu tikufa kamodzikamodzi mpaka komaliza. Akazi anga anasiya kudya. Ndinachita mantha, sindibisa. 

M'mawa wina ndikupukuta nsapato, ndinamva "Leston!" Dzina langa lenileni, limene analitchula komaliza tili pachibwenzi. Ndinawapeza atagwada, galasi lokulitsira zinthu lili m'manja. Mazira anali bii ngati makala. Anakhala pansi n'kulira mokweza, ine n'kuthandizira pang'ono.

"Mayi," ndinatero atatonthola, "mpando uja wakulandani zambiri. Usiyeni. Bwererani ku tizilombo tanu, n'kumene kuli mtima wanu."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Mtima wanga uli kumeneko, inde, ndipo ndimakusowa tsiku lililonse. Koma ndikachoka pampando paja akhalapo ndani? Gwanda. Oweta timavu ndaphunzitsa ambiri. Woletsa mpope wa mankhwala kuti usatiphe ndilipo ndekha."

Anapukuta misozi, kuvala jekete ya kumsonkhano, n'kukakhala m'galimoto bokosi lili pamiyendo.

"Pamabampu muziyenda pang'onopang'ono," anatero. "Muli ana muno."